Chikwama cha Amisiri

Mutu 5

1. Njerwa m'thumba

Kasingano anapeza ntchito m'sitolo ya mafoni atangomaliza sukulu. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake, chifukwa ali mwana anali woonda zedi, komanso ndiye ankawalowetsera ulusi pasingano maso awo akatopa. Bambowo ankasoka zinthu za chikopa: nsapato, malamba ndi zikwama. Anthu onse a mumsewu wawo ankangowaitana kuti Amisiri. Anamwalira mnyamatayu asanalembe mayeso ake omaliza.

Tsiku loyamba ntchito, mayi ake anakoka sutikesi pansi pa bedi n'kutulutsamo chikwama cha m'thumba cha malemuwo. Chinali cha chikopa chokhuthala, chofiirira, chakuda m'mbali momwe zala zinkagwira. Amisiri anachisoka okha, ndipo anayenda nacho zaka zambiri mpaka chinapindika motsatira thupi lawo. Ukachiika patebulo sichinkagona, chinkangogwedera.

"Tenga," anatero mayi. "Munthu wapantchito sayenda chimanjamanja."

Kasingano analandira ndi manja awiri. Anaikamo chiphaso chake, khadi ya kubanki ndi khadi yotsegulira chitseko cha kuntchito. Chuma chake chonse chinali chomwecho, pamene chikwamacho chinali ndi zipinda zoti n'kusungamo mapepala a fuko lonse.

Tsono yunifolomu ya kusitoloko inali malaya opisira ndi thalauza lothina. Chikwama chija chinatupa kumbuyo moti ngakhale wakhungu akanachiona. Woyamba kuyankhulapo anali Mafashoni, mnyamata amene anayamba kale ntchito pamenepo, wosadutsa pagalasi osadziyang'ana.

"Aise, kodi kwanu mukumanga?" anafunsa. "Nanga njerwayi ukupita nayo kuti?"

Atsikana a pakauntala anafa nalo phwete. Mafashoni anapisa zala ziwiri m'thumba la malaya n'kutulutsa kachikwama kakuda, kopyapyala, kolowa makhadi okha. Anakakankha ndi chala chachikulu, khadi n'kusuzumira yokha.

"Dziko linapita uku, m'bale wanga. Chikwama chotupa n'cha madala ogulitsa ng'ombe."

Nawo abwana a sitoloyo, mayi wosadziwa kuseka, anamuitanira pambali. Anati thumba lakelo likuoneka ngati wabisamo foni ya m'sitolo. Ndipo zoonadi, mlonda wa pakhomo anayamba kumamuimitsa poweruka, kumusisita thalauza anzake akudutsa.

2. Akamuonera kumbuyo

Koma tisamunamizire mwanayu. Kusekedwa akanapirira, si iye woyamba kusekedwa pantchito. Chimene chinkamudya chinali china.

Chikwamacho chinkafunda. Inde, chilichonse chokhala m'thumba chimafunda, koma iye akachitulutsa ankamva ngati wachisolola kumene m'thumba la mwini wake. Akachitsegula munkatuluka fungo la polishi, phula ndi thukuta la bambo ake. Kangapo konse anatembenuka msanga kuti aone amene waima kumbuyo kwake, osapeza munthu.

Chinamusinthanso kayendedwe. Anayamba kupendekera mbali imodzi, ndipo powoloka msewu dzanja lake linkapita lokha kukagwira thumba. Iye sankadziwa kuti akutero. Anadziwa tsiku lina masana pamalo okwerera basi, atamva munthu akukuwa kumbuyo kwake.

"Amisiri! Amisiri, taimani! Nsapato zanga zija..."

Kasingano anatembenuka. Anali mkulu wina wa imvi, kasitomala wakale wa bambo ake. Mkuluyo anangoti kakasi, kukamwa kuli yasa.

"Ha! Pepa, mwanawe. Ndakuonera kumbuyo. Pamaliro ndinalipo ine, ndinaona ndi maso angawa, komabe ndimati..." Sanamalize. Anawoloka msewu akucheuka, ndipo basi anakakwerera kwina.

Kunyumba ndiye kunali koopsa. Madzulo ena Kasingano ankasamba m'manja pampopi wa kukhitchini, atafulatira chitseko. Mayi ake analowa ndi kapu.

"Bambo ake, tiyi wazi..."

Mawuwo anadukira pomwepo. Mnyamatayo sanatembenuke. Anangomva kapu ikuikidwa pang'onopang'ono patebulo, kenako mapazi akutuluka. Zimenezi zinachitikanso kawiri, katatu, ndipo palibe amene ankazitchula. Kasingano anachita mantha, mantha enieni. Anayamba kuopa kufulatira mayi ake omubereka.

3. Mawu a mayi

Loweruka m'mawa, tsiku limene sankapita kuntchito, anaika chikwamacho patebulo. Chinagwedera pang'ono n'kukhazikika.

"Amayi, ndikufuna ndigule kachikwama ka makhadi, ngati ka anzanga. Ichi musunge inu."

Mayi ake anali kupinda zovala. Anasiya, n'kukhala pansi.

"Ndisunge kuti? M'sutikesi? Iwe mwana wa mmisiri sudziwa kuti chikopa chikakhala m'sutikesi chimachita nkhungu? Bambo ako ankanena tsiku ndi tsiku kuti chikopa chimafuna thupi la munthu. Ukachisiya chimauma, kenako chimasweka.

"Tamvera, Kasingano. Zitsulo zawo zili kushopu ndi bambo ako aang'ono. Zovala tinagawa. Nsapato zonse zimene anasoka zili kumapazi a anthu osawadziwa, zikupondaponda matope. Chinthu chimene anadzisokera okha, n'kuyenda nacho mpaka tsiku lopita kuchipatala, n'chimodzi chokhachi. Palibenso china padziko pano.

"Anzakowo akuseka lero. Mawa kubwera wina watsopano, amuseka iyeyo, za iwe aiwala. Kachikwama kawoko kakatayika amakagula kena tsiku lomwelo, chifukwa tizikwama totere tili mbwee m'masitolo. Ichi ukataya ukachigula kuti? Ine ndikachiona m'thumba mwako mtima wanga umakhala pansi. Ndimati nyumba ino sinagwe. Usandibwezere, mwanangu. Ukandibwezera ndiye kuti wawaika m'manda kachiwiri."

Kasingano anayang'ana pansi. Kenako mawu anatuluka okha, mokweza kuposa mmene ankafunira.

"Koma amayi, inu mumandiitana ngati ndine iwowo! Ine si bambo. Ine ndikuchita mantha m'nyumba muno."

Mayi ake anatola malaya amene anali atapinda kale n'kuyambanso kuwapinda.

"Nyamula chikwama chako," anatero chapansipansi.

Kasingano ananyamula n'kutuluka. Chitseko sanachimenyetse, koma sanatsanzikenso.

4. Kushopu

Shopu ya Amisiri inali kachipinda kopapatiza, pakati pa telala ndi wometa tsitsi. Tsopano ankaiyendetsa ndi mng'ono wawo, bambo aang'ono a Kasingano, munthu wamfupi wosachedwa kupsa mtima koma wosasunga chakukhosi. Mpando wa malemu unali pamalo ake, pafupi ndi zenera. Palibe ankakhalapo. Epuloni yawo inali pamsomali, itafufuma pamimba ngati mwini wake angoivula kumene.

Kasingano anafotokoza zonse: za njerwa, za mlonda, za mkulu wa pabasi, za tiyi. Bambo aang'ono ankamvetsera akukhoma chidendene cha nsapato. Atafika pa nkhani ya tiyi, nyundo inaima.

"Ndiye ndaganiza chonchi," anatero mnyamatayo, akutulutsa chikwamacho. "Bwanji muchidule? Chikopa chomwechi, muchichepetse chikhale kachikwama ka makhadi. Amayi aziona kuti ndikuyenda nachobe, ine ndipumeko."

Bambo aang'ono anaika nyundo pansi. Anachitenga chikwamacho, n'kuchitembenuza pakuwala kwa zenera.

"Iwe, ukudziwa chimene ukunenachi? Taona msokowu. Achimwene anali amanzere, n'chifukwa chake ulusi wawo umapendekera uku. Ine ndakhala nawo pabenchi imodzi kuyambira ndili mnyamata, koma msoko uwu sindingautulutse. Ukaumasula wapita.

"Chikopa si nsalu. Telala uyu akalakwitsa amamasula, n'kusita, n'kusokanso, mwini wake osadziwa. Ife tikaboola, bowolo limakhala mpaka kalekale. Tikadula ndiye basi, palibe guluu wobwezeretsa. N'chifukwa chake bambo ako ankatha m'mawa wonse akungochiyang'ana chikopa, mpeni uli pambali, makasitomala n'kumati ndi aulesi.

"Komanso chikopa chakale ngati ichi chinazolowera kale mmene chimakhalira. Chinapindika, chinatanuka pena, pena chinauma. Ukachikakamiza kuti chikhale chinthu china chimang'ambika. Ine mpeni wanga sungachikhudze, ngakhale utandigwadira.

"Mantha akowo ndawamva, ndipo sindikukuseka. Nane mpando uwo ndimaulambalala. Koma nkhani ya mantha imatha ndi pakamwa, anthu kukhala pansi n'kukambirana. Simatha ndi mpeni. Wandimva?"

"Ndamva, bambo."

Bambo aang'ono anamubwezera chikwamacho. Kenako anavula epuloni imene anavala, n'kutulutsa njinga.

"Khala pano undiyang'anire shopu. Ndikaone munthu, ndibwera."

Sananene kumene akupita. Akanangonena, abale! Koma akuluakulu ali ndi chizolowezi chimenechi, chokonza zinthu za ana osawauza anawo.

5. Mpeni

Kasingano anatsala yekha. Kwa telala makina ankalira, kwa wometa wailesi inkaimba, koma m'shopumo munali duu. Anayesa kukhala pabenchi, chikwama chinamukanikiza. Anaimirira. Atayang'ana pagalasi la zenera anaona munthu wopendekera mbali imodzi, dzanja lili pathumba, ataima pafupi ndi mpando uja. Anadziwa kuti ndi iye mwini, koma anayang'ana kumbali msanga.

Anasolola chikwamacho n'kuchiponya patebulo.

Apa ndiye pamene pali tsoka la mwana wa mmisiri. Mwana wina aliyense akanaopa, chifukwa sadziwa pogwira. Koma uyu anakulira m'shopumu. Kupaka phula paulusi ankadziwa. Kusoka ndi singano ziwiri ankadziwa. Kupukuta, kumata, kuboola, zonsezi ankazitha. Chimodzi chokha bambo ake anali asanamulole: kugwira mpeni wodulira. Ankangoti nthawi yake idzafika.

Anatulutsa makhadi ake. Anatenga lezala n'kuyamba kudula ulusi wa msoko. Ulusiwo unali wolimba, ndipo uliwonse unkaduka ndi kaphokoso, thu, thu, thu. Posakhalitsa chikwama chija chinali chitayalika patebulo, zipinda zake zili padera. Fungo lija linadzaza shopu yonse.

Anasankha chidutswa chachikulu, chakunja. Sichinkagona, choncho anachipanikiza ndi chikhatho. Anaikapo khadi ya kubanki n'kulemba mzere ndi cholembera kuzungulira khadiyo, m'mphepete mwenimweni.

Atangogwira mpeni anamva ngati munthu wakoka mpweya m'mano, mmene bambo ake ankachitira akaona wophunzira ntchito akulakwitsa. Anacheukira kumpando. Panalibe munthu, epuloni yokha inkagwedezeka pang'ono ndi mphepo ya pakhomo. Mwana wanzeru akanasiyira pomwepo, pakuti ulusi wokha bambo aang'ono akanatha kuubwezeretsa, ngakhale mosafanana. Koma iye mantha anawasandutsa liuma.

"Ndisiyeni!" ananena mokweza, m'shopu mopanda munthu.

Anadula. Mpeniwo unali wakuthwa moti unadutsa mosavuta n'komwe. Anadula zidutswa ziwiri zofanana, n'kuboola mabowo m'mbali, n'kusoka. Kunena zoona anasoka bwino. Kanthuko kanatuluka kopyapyala, kokongola, koti Mafashoni akanakasirira.

Anatenga khadi kuti alowetse. Inakana.

Anaitembenuza. Inakanabe. Apa m'pamene anaona chimene wachita. Anadula chikopa molingana ndendende ndi khadi, osasiya malo a msoko. Ulusi unadya mbali zonse, ndipo mkatimo munatsala mopapatiza. Anakankha khadiyo ndi mphamvu, chikopa chakalecho n'kung'ambika kutsatira mabowo, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Mayo ine!"

Anatola zidutswa zotsala, zija za zipinda zamkati. Zinali zopyapyala, zodzaza ndi mabowo akale. Anayesa kudulanso. Chikopa chopindikacho chinaterera, mpeni n'kupita pambali, kudula chidutswacho pakati ndi kumucheka chala chachikulu. Anayesanso china, nachonso chinang'ambika.

Ataimirira, patebulo panalibe chikwama, panalibenso kachikwama ka makhadi. Panali tizidutswa ta chikopa ndi timaulusi. Ndipo chodabwitsa, mantha aja anali atachoka. M'shopumo munangokhala ngati m'chipinda china chilichonse, mpando ngati mpando, epuloni ngati epuloni. Kasingano analira ngati mwana wamng'ono, chifukwa apa ndiye anamva kuti bambo ake kulibedi.

Anadikira bambo aang'ono mpaka dzuwa linapendeka, koma sanabwere. Anasonkhanitsa tizidutswato n'kutiika m'thumba la pepala. Anamanga chala ndi kansanza, anakhoma loko, kiyi n'kusiyira telala. Makhadi ake anangowaponya m'thumba la malaya.

6. Dzanja la mayi

Njira yonse ankakonza mawu. Anganene kuti amubera m'basi. Anganene kuti waiwala kushopu, kuti apeze masiku. Anganene zoona. Anafika pakhomo asanasankhe.

Njinga ya bambo aang'ono inali itatsamira khoma la nyumba yawo.

Analowa. Bambo aang'ono anali pampando, kapu ili m'manja. Mayi ake anali atavala zovala zoyendera, nsapato zili ndi fumbi. Maso awo anali ofiira, koma ankamwetulira, kumwetulira kumene Kasingano anali asanakuone chimwalirireni bambo ake.

"Wabwera, mwanangu? Khala apa."

Anakhala m'mphepete mwa mpando, thumba la pepala lili pamiyendo.

"Alamu anabwera kudzandikalipira," anatero mayi. "Ndipo andikalipira zoona. Ine ndimaona ngati ndikukupatsa mphatso, osadziwa kuti ndakusenzetsa chisoni changa. Iwe ndiwe mwana. Si ntchito yako kuyenda m'misewu ngati bambo ako kuti ine mtima ukhale pansi. Zimene unanena m'mawa zinandipweteka, koma sunaname. Ndinalakwa, undikhululukire."

"Amayi..."

"Dikira ndimalize. Tinapita limodzi kumasitolo. Ine zinthu zimenezi sindizidziwa, wogulitsa anachita kundiseka, koma alamu anasankha cha chikopa chenicheni."

Anakankhira kabokosi patsogolo pake n'kukatsegula okha. Munali kachikwama ka makhadi, kofiirira, kopyapyala, katsopano.

"Ako aka. Uziyenda ngati anzako. Cha bambo akocho ndisunga ine, osati m'sutikesi ayi. Alamu andiphunzitsa kapakidwe ka mafuta ake. Chizikhala pafupi ndi ine, ndizichigwira ndekha ndikawasowa. Ndiye ine wofunika kuchisamala, poti ndi ine amene sindingakhale popanda icho."

Anatambasula dzanja.

"Bweretsa."

Kasingano sanagwedezeke. Bambo aang'ono anali akumwetulira nawo, koma kenako maso awo anatsikira pa chala chomangidwa ndi kansanza. Anaona phula lakuda m'zikhadabo. Anaona thumba la pepala lija, ndi mmene mnyamatayo analigwirira ndi manja onse awiri. Anaika kapu pansi n'kuimirira pang'onopang'ono.

"Kasingano," anatero ndi mawu otsika kwambiri, "m'pepalamo muli chiyani?"

Mayi sanamve kanthu m'funsolo. Dzanja lawo linali chitambasulire, ndipo ankamwetulirabe.

"Bweretsa, mwanangu. Ukuopa chiyani? Ndati sindikukwiyira."